Mkuzi wa Lighton

Kafue Estates, Kafue
8 Juni 1971

Okondedwa Amayi,

Moni wa masiku ambiri. Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi achimwene a Gershom, amene ndikudziwa kuti ndiwo akukuwerengerani kalatayi, komanso alamu. Ine ndili moyo. Ndinachira Lachitatu lapitali m'mawa, ku kiliniki ya kuno. Mwana ndi wamwamuna. Mchombo unagwa dzulo, ndipo bambo ake, a Lastone, amutcha Lighton. Makutu ndi anu enieni.

Ndikudziwa kuti munkafuna kuti mimba yoyambayi ndidzachirire kwathu, m'manja mwanu. A Lastone anaopa mtunda, akuti basi ya ku Luangwa ikanandigwedezera mwana panjira. Chonde musandisungire kanthu kukhosi.

Tsopano, Amayi, pali nkhani imene sindingauze munthu wina aliyense. Mwana sakugwira bere. Nsonga za mawere anga ndi zolowa m'kati, makamaka lakumanzere, ndiye palibe poti agwire. Amatsegula kukamwa, amafunafuna ndi mutu, akangopeza amatereka, kenako amalira mpaka mawu kutha. Mkaka ulipo, wochita kudontha wokha. Koma kuyambira Loweruka mawere atupa, auma gwa ngati maungu, akutentha moti ngakhale kukweza mkono ndikulephera. Lakumanja amagwirako pang'ono, amakoka kawiri katatu n'kutaya.

Ku kiliniki ndinagona tsiku limodzi lokha. Mabedi ndi ochepa, pakuti Kafue yadzaza anthu obwera kudzafuna ntchito m'mafakitale. Anesi anati ndisadandaule, ana onse amagwira okha. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chiwiri, wanga sanagwire.

Kuno kulibe wofunsa. Nyumba ndi zatsopano, zofanana zonse, ndipo madzi ali m'nyumba momwemo. Poyamba ndinkanyadira mpopiwo, koma pano ndaona kuti popanda chitsime palibenso pokumana ndi mayi mnzako. Oyandikana nawo ndi anthu a kumpoto, tikapatsana moni wa "muli shani" nkhani yathera pomwepo. A Lastone huta ya kufakitale ya nsalu ikangolira amanyamuka, ine n'kutsala ndi mwana wolira ndi zipupa zinayi.

Kodi inu zinakuchitikiranipo zotere? Ndichite chiyani kuti nsongazi zituluke? Ndili ndi mantha, Amayi. Ndiyankheni msanga, ndipo munditumizireko mkuzi wa m'chiuno mwa mdzukulu wanu. Mundiuzenso za thonje la chaka chino ndi za pakati pa alamu.

Ndine mwana wanu,
Mainess


Mudzi wa Kasamba, Katete
16 Juni 1971

Wokondedwa mlongo wanga Mainess,

Ndikupereka moni m'dzina la Ambuye. Kuno tonse tili bwino. Kalata yako inafika Lolemba kudzera ku sukulu, ndipo tinaiwerengera pakhonde anthu atadzaza. Ngakhale apongozi anga, amuna ndi akazi omwe, anabwera kudzamva. Amayi analulutira mpaka agalu kuuwa. Mawu otsatirawa ndi awo.

Akuti: Mwana wanga, wandichotsa manyazi, tsopano nanenso ndine agogo ake a munthu wa m'tauni. Makutuwo asamale nawo, amamva zambiri. Za kusabwera kwako kuno tidzakamba tikadzaonana. Koma kalata yako yandidabwitsa, pepala ladzaza mbali zonse ziwiri koma nkhani yake yatha ndisanakhazikike n'komwe. Kaya kusukulu anakuphunzitsani kulemba zilembo zikuluzikulu.

Ndamva kuti mwana akuliralira. Asalire bwanji, ndi khanda. Gershom yemweyu ankalira mpaka anthu kusamuka pabwalo, lero ndi uyu akuwerenga mawu m'tchalitchi. Iwe uzidya. Uzimwa thobwa ndi phala la nsinjiro, masamba asasowe. Mchere m'ndiwo usathire wekha mpaka nthawi itakwana. Bambo akewo azigona kwaokha kufikira ndidzakuuze za kutenga mwana, ndipo akhale odzisunga, akudziwa okha chimene ndikunena.

Mkuzi ndi umenewo, ndapota ndekha ndi thonje la m'munda mwathu. Ummange m'chiuno, usiye mpata wolowa chala chimodzi. Masikelo a kuchipatala ine sindiwadziwa. Uzingoyang'ana mkuziwo, ukayamba kuthina ndiye kuti mwana akukula.

Mawu a amayi athera apa.

Thonje tathyola kale, tikudikira ogula. Mbuzi ya mawanga ija inaswa ana awiri. Alamu ako ali bwino, akuyembekezera mu Okutobala. Pa zonse zimene unalemba, ndawawerengera amayi zimene zinali zofunika. Upereke moni kwa alamu a Lastone.

Ndine mlongo wako,
Gershom Sakala


Kafue Estates, Kafue
24 Juni 1971

Okondedwa Amayi,

Moni. Kalata yanu ndalandira pamodzi ndi mkuzi, zikomo. Ndinammanga tsiku lomwelo monga munanenera. Ndaiwerenga kalatayo katatu, kufunafuna yankho la chimene ndinafunsa, koma mulibe. Mwandiuza za thobwa, za mchere, ngakhale za mbuzi ndamva. Za mawere anga simunanenepo kanthu. Ngati mwakwiya chifukwa sindinabwere kudzachirira kwathu, kwiyirani ine, koma Lighton sanalakwe.

Zinthu zafika poipa. Nsonga ya bere lakumanja, imene ankagwirako, yang'ambika ndipo ikutuluka magazi. Ndikamuika ndimaluma nsalu kuti ndisakuwe. Lakumanzere lafiira mbali imodzi, ndipo thupi langa likutentha ndi kuzizidwa nthawi yomweyo.

A Lastone ataona kulira kwa mwana anagula mkaka wa m'chitini ndi botolo ku sitolo ya ku Boma. Mwana anamwa masiku anayi, tinasangalala. Tsiku lachisanu anayamba kutsegula m'mimba, madzi okhaokha. Ndinachita mantha n'kusiya, kenako ndinayambanso pang'ono poona kuti palibe china chomupatsa.

Pali mayi wina wa kumtsinje amene amayenda m'makomo kugulitsa nsomba, ba Febby. Ndi munthu wabwino, ndiye yekha amene anakhala pansi kundimvera. Iwo akuti mkaka umene wagona m'bere lotupa wawola, mwana akaumwa umamupweteka. Ndiye ndimaufinya m'mbale n'kukautaya kuseri kwa nyumba, mwana ndikumupatsa madzi a shuga ndi supuni. Ndikamataya mtima umandipweteka, chifukwa ukuoneka woyera bwinobwino. Kodi ndikuchita bwino?

Ndiulule chinanso. Lolemba ndinapita ku kiliniki. Ndinaima pamzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu, ndipo polowa ndinapeza kuti wopima odwala tsikulo ndi mwamuna, wa msinkhu wa achimwene. Anandifunsa bwinobwino kuti vuto n'chiyani. Ndinangoti mwana akutsegula m'mimba. Anandipatsa mankhwala, nati, "Muzimuyamwitsa pafupipafupi, mayi." Ndinati chabwino, n'kutuluka nditafunda shawelo mpaka m'khosi. Ndinalira njira yonse, kudzitukwana ndekha.

Lighton sakuliranso mokweza ngati kale. Matewera ndikuchapa awiri okha patsiku, ndipo liwombo likuoneka ngati lalowa. Anthu akamati mwana wafatsa, ine ndimanjenjemera.

Amayi, ndagwira mwendo wanu. Ndiuzeni chochita ndi mawerewa.

Ndine mwana wanu,
Mainess


Mudzi wa Kasamba, Katete
1 Julaye 1971

Wokondedwa mlongo wanga Mainess,

Moni. Ife tili bwino, kungoti kuzizira. Tamva chisoni ndi matenda a mwana ndipo tikumupempherera. Mawu a amayi ndi awa.

Akuti: Iwe Mainess, ndakwiya ndi chiyani? Chimene unafunsa ndi mkuzi, ndipo ndinatumiza. Koma lero ndiye wandikwiyitsadi. Ndikumva za botolo ndi mkaka wa m'chitini, pamene mayi wake wa mwana uli pomwepo, wamoyo. Chizungu chimenechi wachiyamba liti? Kapena akazi a m'tauni akunamiza kuti kuyamwitsa kukalambitsa? Ine ndinakulera wopanda chitini. Taya botololo, umunyamule mwana wako monga mayi.

Chachiwiri. Mwana wobadwa bwino samangoonda popanda chifukwa. Kutsegula m'mimba, kufooka, liwombo kulowa, zimenezi ife timazidziwa. Ndi tsempho. Ndinanena kuti bambo ake akhale odzisunga. M'tauni akazi ndi ambiri, ndipo mwamuna amene akugona yekha amayang'ana uku ndi uku. Uwakhazike pansi, uwafunse mwaulemu ngati sanamulumphe mwanayo. Akavomera msanga mankhwala ake alipo, akabisa tidzalira tonse. Ndatumiza mizu m'kapepalamo, upere pamwala uzimupaka paliwombo.

Mawu a amayi athera apa.

Mlongo wanga, ndionjezeko mawu anga pang'ono. Za matenda a azimayi, ndi bwino kufunsa azimayi a komweko, kapena a chigwirizano ku tchalitchi. Si zonse zimene zimayenera kuyenda m'kalata. Ndikhulupirira wandimva.

Ndine mlongo wako,
Gershom Sakala


Kafue
8 Julaye 1971

Ba mulamu ba Gershom,

Muli bwanji uko? Ine nili chabe so. Nalemba neka, chifukwa vamene apongozi bakamba muli kalata yanu vanibaba mutima maningi.

Mubauze kuti ine Lastone Njobvu sininayendepo na mukazi wina. Nikachoka pa mashini nibwela ku nyumba, banzanga banichita na kuniseka ati mukazi wanga ananidyetsa mankhwala. Kuchokela pamene mwana anabadwa nigona pa mupando mu sitingi, monga mwamene banakambila. Botolo nine ninagula, osati Mainess, ndipo sininagule chifukwa cha chizungu. Ninagula chifukwa mwana wanga enze kulila na njala.

Manje nikuuzeni zoona, mulamu, nili na mantha. Nikamunyamula Lighton nimvela monga nanyamula shawelo yeka. Mainess naye adwala, thupi ikupya, koma nikamufunsa akuti va mu chikuta mwamuna safunika kuona. Avala na kuvulila ku bafa. Siniziba chamene chimubaba, ine mwamuna wake.

Napempha ofu kuli ba kapitao kuti nibapeleke ku chipatala chikulu ku Lusaka, bakuti niyembekeze sabata yamawa. Ngati kuli chamene apongozi baziba, bakambe manje. Mainess aikamo kalata yake mu envulopu yamene ino.

Ine mulamu wanu,
Lastone


Kafue Estates, Kafue
8 Julaye 1971

Achimwene,

Moni. Kalata iyi ndalembera inu. Musanawerenge mawu ena aliwonse, tengani mkuzi umene uli mu envulopumu, muuike m'manja mwa amayi.

Mawu anu omaliza aja ndawamva. Ndakhala nawo tsiku lathunthu, ndipo ndayamba kuona chifukwa chake amayi ankati kalata yanga ndi yaifupi. Sindikufunsani kanthu. Chimene ndikudziwa n'chakuti chingwe simungachidumphe.

Muwauze amayi chonchi. Mfundo imene ilipoyo ndi yomwe ndinamanga tsiku limene mkuzi unafika, nditasiya mpata wa chala chimodzi monga ananenera. Sindinaimasule, sindinadule. Dzulo ndikumusambitsa, mkuzi unatsika wokha, kudutsa m'matako, m'miyendo, n'kugwera m'beseni uli chimangire. Pamene ndamangapo ulusi wofiira ndi pamene chiuno cha Lighton chafika lero. Ayeze okha ndi zala zawo.

Sakulira tsopano. Amangotsegula kukamwa, mawu osatuluka. Ndimakhala nditaika dzanja pachifuwa pake tsiku lonse, kuopa kuti ndikachotsa chisiya kugunda. Bere lakumanzere latupa mpaka kukhwapa ndipo mutu wanga ukuzungulira.

Sindinakane kuyamwitsa mwana wanga. A Lastone sanalakwe. Ngati amayi adzamve mawu awiri okha a m'kalata muno, akhale amenewa.

Mainess


Mudzi wa Kasamba, Katete
15 Julaye 1971

Mlongo wanga Mainess,

Kalata iyi sikubwera pa positi. Ikubwera m'manja mwa amayi, amene ndikuwaperekeza kumsewu mawa m'mamawa kuti akakwere basi ya ku Lusaka. Ndikulemba osadziwa ngati Lighton akupuma.

Ndinachita monga unanenera. Amayi anali pamphasa akutongola chimanga. Ndinawaika mkuzi m'manja, ndi kuwauza za mfundo ndi za ulusi wofiira. Anaupinda pa ulusipo, nayeza chotsalacho. Zala zitatu zinalowa. Kenako anauza alamu ako kuti apite kudimba.

Anati, "Katenge makalata onse a mwana wanga." Ndinakawatenga m'Baibulo momwe ndimasunga. Anandikhazika kuseri kwa nkhokwe, natambasula kalata yoyamba pamwendo panga, naika chala chawo pa mzere woyamba. Anati, "Ine kuwerenga sindidziwa, koma chala changa chiziyenda, ndipo pakamwa pako paziyenda nacho. Chala chikatsala m'mbuyo, ndidziwa kuti wadya mawu."

Ndinawerenga, Mainess. Zonse, makalata atatu onse. Thukuta linali kutsika m'mwezi wozizira uno.

Ndikuulula kwa iwe monga ndaululira kwa Mulungu. Tsiku loyamba lija pakhonde, maso anga atafika pa mawu onena za thupi lako, apongozi anga aakazi anali atakhala apo, amuna awo apo. Lilime linakana. Ndinalumpha ndime zitatu ndi kungoti mwana akuliralira. Ndinkaganiza kuti ndikusungira ulemu, ndiponso kuti ndi tinthu tating'ono timene timatha tokha. Pa kalata yachiwiri tinali awiri okha ndi amayi, ndikanatha kuwerenga. Koma ndinaopa kuti adziwa za yoyamba, ndiponso mlongo amatchula bwanji zotere za mlongo wake pamaso pa mayi ake? Ndinasankha za botolo ndi za m'mimba, zina ndinasiya. Ndi dzanja langa lomweli ndinalemba mawu okudzudzula ndi oneneza alamu, ndikudziwa kuti ndi abodza.

Nditafika pamene unalemba kuti ukutaya mkaka kuseri kwa nyumba, amayi anagwira kumutu. Sanandikalipire, bola akanandimenya. Anangondifunsa ngati ndikudziwa chimene chinapha mkulu wanga, mwana wawo woyamba uja timangomva kuti anapita ali khanda. Ndinati sindidziwa. Anati, "Ndi zomwezi. Mainess watengera ine. Mayi anga anali atamwalira, ndinalibe wondiuza, mwana anauma m'manja mwanga mkaka ukudontha. Pa iwe ndi pamene mzamba wina anandiphunzitsa chochita. Yankho linali m'nyumba muno mwezi wathunthu, iwe utalikhalira."

Sindikupempha kuti undikhululukire lero. Ndikupempha kuti wina andilembere msanga, ngakhale mzere umodzi.

Gershom


Mudzi wa Kasamba, Katete
29 Julaye 1971

Kwa alamu a Lastone ndi mlongo wanga,

Moni. Mawa akwana masabata awiri chichokere amayi, ndipo sitinamve kanthu. Ndapita ku sukulu kanayi kukafunsa makalata, mpaka aphunzitsi ayamba kundimvera chisoni. Njinga ikaima pafupi ndi nyumba, ndimayesa ndi uthenga wa maliro. Kodi amayi anafika? Kodi mwana ali bwanji? Ngakhale zili zoipa, ndiuzeni.

Gershom


Kafue Estates, Kafue
9 Ogasiti 1971

Iwe Gershom,

Ndine mayi ako. Akulemba ndi Mainess, ndipo chala changa chili papepala.

Kalata yako yolira ija tinailandira. Ndine ndinaletsa kuyankha. Ndinkafuna mkuzi uyambe walankhula, komanso ndinkafuna ulaweko kudikira yankho limene silikubwera.

Mwana ali moyo.

Ndinamupeza khungu lili lendelende, maso atalowa. Mlongo wako anali gone, thupi lili moto. Sindinakhale n'komwe pansi. Ndinatenthetsa madzi pambaula, ndinamuthowa bere lakumanja ndi nsalu yofunda, ndinafinyira mkaka m'kapu, womwe uja ankataya, ndi kumudonthezera mwana ndi supuni. Anameza. Ndinadontheza tsiku lonse, pang'onopang'ono.

M'mawa mwake apongozi anga a Lastone sanadikirenso chilolezo cha akapitao, tinakwera basi ya ku Lusaka. Kuchipatala tinapezanso mwamuna. Mainess anayamba kukoka shawelo, ine ndinaichotsa ndekha, ndi kunena kuti, "Bambo, onani apa." Anaona, ndipo dziko silinathe. M'bere lakumanzere munali chithupsa chachikulu. Analing'amba, munatuluka mafinya odzaza mbale. Tinagona komweko masiku asanu ndi atatu, mwana akumuthira madzi m'thupi.

Tsopano tchera khutu, chifukwa izi uziwerenge mokweza kwa mkazi wako asanafike Okutobala. Bere likauma gwa, mwana sangagwire. Uyambe wafinya pang'ono kuti kutsogolo kufewe. Nsonga ikakhala yolowa, utenge botolo la kukamwa kwakukulu, ulitenthetse ndi madzi otentha, ukhuthule, uziziritse kukamwa kwake, uvundikire pabere. Likamazizira limakoka nsonga yokha. Ine ndinaphunzira ndi kachipanda, kuno tagwiritsa botolo la jamu, ndipo anesi ataona anati nawonso amatero. Mwana umupanire kukhwapa, udikire ayasamule kwambiri, alowetse bere lambiri, osati kansonga kokha. Mkaka wa mayi suwola. Mayi wa nsomba uja ndamuuza, ndipo anandithokoza ndi nsomba zouma ngati mabuluzi zimene ndikulephera kuzitafuna.

Lighton anagwira tsiku lachinayi titabwerako kuchipatala. Bambo ake anali atangolowa kuchokera kuntchito, thonje lili m'tsitsi. Anaima pakhomo kumvetsera mwana akumeza, mwamuna wamkulu misozi ili chuchuchu. Ndinawapepesa za tsempho zija nditagwada, pakuti ndinawanamizira.

Mu envulopumu muli mikuzi iwiri. Wa ulusi wofiira ukuudziwa. Winawo ndinammanga tsiku lotuluka m'chipatala, ndipo dzulo ndachita kuudula ndi lezala chifukwa unayamba kusiya mzere pamimba. Uisunge m'Baibulo mwako momwemo.

Ine ndine mayi ako,
Nambewe

Achimwene, apa ndine Mainess, amayi achotsa chala. Bere lakumanzere silinabwerere. Bala likupola, koma mkaka wauma, ndipo anesi akuti mwina lidzagwiranso ntchito pa mwana wina, mwina ayi. Lighton akukulira bere limodzi.

Ndinakukwiyirani kwambiri, ndipo sindinganame kuti zatheratu. Koma ndikafuna kukutukwanani ndimakumbukira tsiku lija ku kiliniki, pamene nanenso ndinafunsidwa bwinobwino n'kudya mawu anga omwe. Tinaleredwa nyumba imodzi.

Mukufuna ndikukhululukireni. Chabwino. Mundilembere kalata, mundifunse za matenda anga monga mmene mumafunsira za mwana. Muwatchule dzina lake, ndi dzanja lanu.


Mudzi wa Kasamba, Katete
18 Ogasiti 1971

Wokondedwa mlongo wanga Mainess,

Moni kwa iwe, kwa amayi, kwa alamu ndi kwa Lighton. Kalata ndinaiwerenga kwa alamu ako pakhonde, yonse. Apongozi anga aakazi analipo. Nditamaliza anandipempha kuti ndibwereze pa botolo paja, ndipo ndinabwereza.

Mikuzi ili m'Baibulo. Ndaiyeza kambirimbiri.

Pepala ili ndi lachitatu, awiri ndang'amba. Mlongo wanga, bere lakumanzere likupola bwanji? Nanga lakumanja, nsonga yake inasiya kutuluka magazi? Undiuze zonse. Ndidzawerenga.

Ndine mlongo wako,
Gershom